Asilikali achilendo kapena chipembedzo: nchiyani chimabala zigawenga?

Usiku wa pa 11 Julayi 2010 ambiri a ife tinali pa kanema, kuonera Spain ndi Netherlands akulimbirana chikho cha dziko lonse ku Johannesburg. Ku Kampala nako anthu anadzaza pa Kyadondo Rugby Club ndi pa malo odyera otchedwa Ethiopian Village, maso ali pa mpira womwewo. Mabomba anaphulika m'malo awiriwa, ndipo anthu 74 anafa. Gulu la al-Shabaab la ku Somalia silinabise. Linavomera kuti ndilo linachita, ndipo linapereka chifukwa: dziko la Uganda linali litatumiza asilikali ake ku Mogadishu pansi pa bungwe la African Union.

Pa 2 Epulo 2015 gulu lomwelo linalowa mbandakucha pa koleji ya Garissa ku Kenya nkupha anthu 148, ambiri mwa iwo ophunzira. Chifukwa chimene linapereka chinali chonga choyamba chija, chakuti asilikali a Kenya analowa m'Somalia mu Okutobala 2011. Koma opulumuka anasimba kuti akuphawo ankafunsa chipembedzo cha munthu. Msilamu ankamusiya, Mkhristu ankamuwombera.

Mkangano wonse uli m'nkhani ziwirizi. Wina akamva za Kampala amati mwaona, vuto ndi kukalowerera nkhondo za eni. Wina akamva za Garissa amati ayi, mwana wasukulu amene anaphedwa chifukwa cholephera kunena mawu a pemphero sanatumizepo msilikali kulikonse, apa chikulankhula ndi chipembedzo. Mbali zonse zili ndi umboni weniweni, ndipo nchifukwa chake mkanganowu sutha.

Amene anaika maziko olimba a mbali yoyamba ndi Robert Pape, mphunzitsi wa za ndale pa yunivesite ya Chicago. Iye anasonkhanitsa nkhani zonse za anthu odziphulitsa ndi bomba kuyambira 1980 mpaka 2003, zokwana 315, nkufalitsa zimene anapeza mu 2005. Zotsatira zake zinadabwitsa ambiri. Gulu limene linatsogola pa chiwerengero silinali la Chisilamu ayi. Linali la Tamil Tigers la ku Sri Lanka, lomenyera dziko la Atamil, losalabadira kwenikweni za mapemphero, ndipo anthu ake ambiri anachokera m'mabanja a Chihindu. Mwa ziwembu 315 zija, 76 zinali zawo. Ndi iwowa amene anatuma mkazi wovala bomba kukapha Rajiv Gandhi mu Meyi 1991, chifukwa iye ali nduna yaikulu ya India anatumiza asilikali ku Sri Lanka mu 1987. Pape anapezanso kuti pafupifupi ziwembu zonse zinali ndi cholinga chimodzi chooneka: kukakamiza dziko lina kuchotsa asilikali ake pamalo amene zigawengazo zinkati ndi kwawo.

Lebanon ndiye chitsanzo chimene chinaphunzitsa magulu ena onse. Pa 23 Okutobala 1983 magalimoto odzaza mabomba analowa m'malo ogona asilikali ku Beirut nkupha Amereka 241 ndi Afalansa 58. Pasanathe miyezi isanu ndi umodzi asilikali a mayiko awiriwa anali atasamuka. Aliyense amene ankayang'ana anaona kuti njirayo yagwira ntchito. Pape atafufuza mbiri ya anthu amene anadziphulitsa ku Lebanon m'zaka zimenezo, anapeza kuti ambiri anali a zipani za ndale za chikomyunizimu ndi chisosholizimu, ndipo ena mwa iwo anali Akhristu.

Osama bin Laden nayenso sanabise chimene chinkamupweteka. M'chikalata chake cha 1996 cholengeza nkhondo, dandaulo lalikulu linali asilikali a Amereka amene anafika ku Saudi Arabia mu 1990 Iraq italanda Kuwait. Mabomba amene anaphulika pa maofesi a kazembe wa Amereka ku Nairobi ndi ku Dar es Salaam, nkupha anthu 224, anaphulika pa 7 Ogasiti 1998, tsiku lenileni limene panakwana zaka zisanu ndi zitatu chiyambireni kutumizidwa kwa asilikali aja. Mwa akufawo, Amereka anali 12 okha. Ena onse pafupifupi anali Afirika anzathu, alembi, oyenda pamsewu, okwera basi. Mwa anyamata 19 amene anabera ndege pa 11 Sepitembala 2001, anyamata 15 anali a ku Saudi Arabia komweko.

Kenaka kunabwera Iraq, ndipo pamenepa mbali imeneyi ili ndi umboni wovuta kuugwedeza. Amereka ndi Britain asanalowe mu Malichi 2003, kudziphulitsa ndi bomba sikunali chinthu chodziwika m'misewu ya Baghdad. Patangopita zaka zochepa dzikolo linakhala likulu lake pa dziko lonse. Mu Meyi 2003 Paul Bremer, amene anaikidwa kulamulira Iraq, anathetsa gulu lonse la asilikali a dzikolo. Amuna zikwi mazanamazana odziwa mfuti anadzuka opanda ntchito, opanda malipiro, ali ndi mkwiyo. Ena mwa iwo anakakumana ndi alaliki a nkhondo m'ndende za Amereka monga Camp Bucca, kumene Abu Bakr al-Baghdadi anasungidwa mu 2004. Patatha zaka khumi munthu yemweyo anakwera pa gome la mzikiti waukulu wa ku Mosul monga mtsogoleri wa gulu la zigawenga la Islamic State. Ku Madrid anthu oposa 190 anafa m'sitima mu Malichi 2004, dziko la Spain lili ndi asilikali ku Iraq. Ku London anthu 52 anaphedwa pa 7 Julayi 2005, ndipo mtsogoleri wa chiwembucho anasiya kanema wodandaula za nkhondo zimene maboma a azungu ankachita m'mayiko a Asilamu. Mu 2010 Eliza Manningham-Buller, amene anatsogolera bungwe la akazitape la Britain la MI5 kuyambira 2002 mpaka 2007, anauza komiti yofufuza za nkhondo ya Iraq kuti kulowa m'dzikolo kunakulitsa kwambiri chiopsezo cha zauchigawenga ku Britain. Ameneyu sanali mdani wa boma lake. Anali mlonda wake wamkulu.

Somalia ija tayamba nayo imatsata njira yomweyo. Al-Shabaab inali kagulu ka achinyamata mkati mwa mgwirizano wa makhoti a Chisilamu amene analamulira Mogadishu kwa miyezi yowerengeka mu 2006. Asilikali a Ethiopia, dziko limene Asomali ambiri amaliona ngati mdani wakalekale, atalowa mu Disembala chaka chimenecho, kagulu kaja kanapeza chimene kankasowa. Kanakhala mbendera ya aliyense wofuna kuthamangitsa mlendo.

Munthu akhoza kulekera pomwepa nkunena kuti nkhani yatha. Ine sindingalekere pomwepa, chifukwa pali manda ambiri amene maganizo amenewa sangawafotokoze.

Ayazidi, mtundu waung'ono wa chipembedzo chawochawo wa ku Sinjar, kumpoto kwa Iraq, analibe asilikali m'dziko la munthu. Mu Ogasiti 2014 Islamic State inapha amuna awo nkugulitsa akazi ndi atsikana ngati akapolo, ndipo inalemba poyera m'magazini yake kuti ikutero chifukwa cha chikhulupiriro chawo. Anthu oposa 300 amene anaphedwa ali pa mapemphero a Lachisanu mu mzikiti wa al-Rawda ku Sinai, m'dziko la Egypt, mu Novembala 2017 anali Asilamu, ndipo mlandu wawo unali wakuti mzikitiwo unkagwirizana ndi Asufi, Asilamu amene zigawengazo zimawaona ngati osokera. Ku Timbuktu manda a mashehe akale anagwetsedwa mu 2012, Afalansa asanafike ku Mali mu Januwale 2013. Ku Sri Lanka, pa Isitala ya 2019, anthu oposa 250 anafa m'matchalitchi ndi m'mahotela, m'dziko limene silinali pa nkhondo ndi dziko lililonse la Asilamu, ndipo ena mwa odziphulitsawo anali ana a m'banja lolemera kwambiri. Amereka atachoka ku Afghanistan mu Ogasiti 2021, mabomba sanaleke kuphulika m'masukulu ndi m'mizikiti ya Ahazara, mtundu wa Asilamu a nthambi ya Shia. Mu 2016 magazini ya Islamic State yotchedwa Dabiq inachita kunena mosapsatira kuti mabomba a azungu ndi chifukwa chachiwiri chabe cha chidani chawo, ndipo ngakhale ataleka, chidanicho chidzapitirira chifukwa cha kusakhulupirira kwawo.

Palinso funso lina limene limandivutitsa kuposa onsewa. Dziko la Vietnam linaponyedwa mabomba ochuluka koopsa ndi Amereka kwa zaka zambiri, koma Avietnam sanapite kukaphulitsa sitima ku New York. Mbali inayi, Tunisia sinathiridwe nkhondo ndi asilikali achilendo, koma achinyamata ake zikwi zingapo ananyamuka kupita ku Syria. Chilipo chimene chimachititsa mnyamata wobadwira ku Brussels kumva kuti bomba logwa ku Raqqa, ku Syria, lagwera pa iye mwini, ndipo chimenecho ndi chiphunzitso. Popanda icho, mkwiyo wa ku Iraq ukanathera ku Iraq konko.

Koma pamenepa mawu akuti chipembedzo amasokeretsa, ndipo tiyenera kuwagwira mosamala. Asilamu pa dziko lapansi akuyandikira 2 biliyoni. Chikanakhala Chisilamu chenicheni chobala zimenezi, bwenzi dziko lonse lili phulusa. Chiphunzitso chimene chikugwira ntchito m'magulu awa ndi chopapatiza ndiponso chatsopano. Mizu yake ina ili m'zolemba za Sayyid Qutb, Mwigupto amene anazunzidwa m'ndende za pulezidenti Gamal Abdel Nasser nkunyongedwa mu 1966. Mtima wake ndi chimene m'Chiarabu amati takfir, kutanthauza kudzipatsa mphamvu yogamula kuti Msilamu mnzako salinso Msilamu, kotero magazi ake ndi ololedwa. Ukangotsegula khomo limenelo palibenso wotetezeka. Wapolisi, mphunzitsi, shehe wotsutsa, mayi wogulitsa pamsika, onse alowa. Nchifukwa chake ophedwa ambiri ndi magulu amenewa ndi Asilamu. Bomba la pa 14 Okutobala 2017 ku Mogadishu linapha anthu oposa 500 pa mphambano imodzi, ndipo pafupifupi onse anali Asomali opemphera choyang'ana ku Mecca monga owaphawo.

Ndipo uchigawenga ulibe mpingo umodzi. Joseph Kony anadula milomo ndi makutu a anthu kumpoto kwa Uganda akunena za Malamulo Khumi. Baruch Goldstein anapha Asilamu 29 akupemphera ku Hebron mu 1994. Gulu la Aum Shinrikyo linathira mpweya wapoizoni m'sitima za ku Tokyo mu 1995. Anders Breivik anapha anthu 77 ku Norway mu 2011, ndipo ku Christchurch, New Zealand, mu 2019 anthu 51 anaphedwa m'mizikiti iwiri ndi munthu wodana ndi obwera.

Ku France akatswiri awiri akhala akukangana za izi kwa zaka. Gilles Kepel amati chiphunzitso chouma mtima chinafalikira m'madera osauka a m'mizinda nkukonza nthaka. Olivier Roy amati anyamatawo anali kale oukira, ambiri odutsa m'ndende, m'mowa ndi m'chamba, ndipo anangopeza chovala cha chipembedzo chovekera mkwiyo wawo. Kafukufuku wa MI5 amene anatulukira m'nyuzipepala mu 2008 amapendekera kwa Roy. Anapeza kuti ambiri mwa olowa zauchigawenga ku Britain sankachidziwa bwino chipembedzo chawo, ndipo munthu wokhazikika m'chikhulupiriro chake amavuta kumukopa.

Kwa ife a ku Afirika, umboni wofunika kwambiri unachokera ku UNDP, bungwe la United Nations loona za chitukuko, limene linachita chinthu chosavuta koma chosowa: linakafunsa eni akewo. Mu lipoti la 2017, lochokera pa kucheza ndi anthu mazana angapo amene analowapo m'magulu monga Boko Haram ndi al-Shabaab, pafupifupi theka anatchula chipembedzo ngati chifukwa cholowera. Koma 57 mwa 100 alionse anavomera kuti mabuku a chipembedzocho sawawerenga kapena sawamvetsa kwenikweni. Atafunsidwa chimene chinawakankha komaliza, 71 mwa 100 alionse anatchula zochita za boma, makamaka kuphedwa kapena kumangidwa kwa mbale kapena bwenzi. Lipoti lachiwiri la 2023 linapeza kuti chifukwa chotchulidwa kwambiri tsopano chinali kufuna ntchito, ndipo chipembedzo chinatsikira pa nambala yachitatu.

Nambala ya 71 ija ndiyo imandiuza kuti funso lathu linafunsidwa moperewera. Timakangana za msilikali wachilendo ndi mlaliki, nkuiwala msilikali wa kwathu komwe. Kwa mnyamata amene bambo ake anatengedwa usiku osabwereranso, zilibe kanthu kuti yunifolomu inasokedwa ku Washington kapena ku Abuja. Boko Haram inayamba ngati gulu la ulaliki ku Maiduguri, m'dziko la Nigeria, kumene kunalibe msilikali wachilendo. Mu Julayi 2009 linalimbana ndi boma, anthu mazanamazana anafa, ndipo mtsogoleri wake Mohammed Yusuf anaphedwa ali m'manja mwa apolisi, osaonekera kukhoti. Gulu limene linadzuka pambuyo pake pansi pa Abubakar Shekau ndi limene linaba atsikana 276 ku Chibok mu Epulo 2014. Chiphunzitso chodana ndi sukulu chinalipo kale Yusuf ali moyo. Nkhanza zopanda malire zinadza iye ataphedwa.

Tsopano tiyeni tibwere pafupi, ku Cabo Delgado, chigawo cha kumpoto kwa Mozambique, pakuti kumeneko zonsezi zimaoneka pamalo amodzi ndiponso motsatana bwino.

Mfuti yoyamba inalira pa 5 Okutobala 2017, pamene anyamata anaukira mapolisi ku Mocímboa da Praia. Tsiku limenelo kunalibe msilikali wa Rwanda, wa SADC kapena wa Russia m'chigawocho. Choncho amene amati zonse zimayamba ndi asilikali achilendo alibe poyambira. Chinalipo ndi kagulu ka achinyamata amene kwa zaka zingapo ankakangana ndi akuluakulu a mizikiti, kulowa mu mzikiti nsapato zili kuphazi, kuletsa ana kupita ku sukulu za boma, kunyoza makolo awo kuti sadziwa kupemphera. Ankamvera maulaliki ojambulidwa a Aboud Rogo, mlaliki wa ku Mombasa amene anawomberedwa mu 2012. Anthu akumeneko anawatcha machababos. Mashehe a m'deralo ndiwo anayamba kudandaula ku boma za anyamatawa, nkhondo isanayambe.

Koma ulaliki wa Rogo unamvekanso m'malo ambiri a m'mphepete mwa nyanja kumene sikunabuke nkhondo. Chimene Cabo Delgado inali nacho chapadera ndi chuma chochuluka pakati pa umphawi wadzaoneni. Ku Montepuez kunapezeka miyala ya rube, ndipo kumayambiriro kwa 2017 okumba wamba zikwizikwi anathamangitsidwa mwankhanza. Mu 2019 kampani ya ku Britain yokhala ndi gawo lalikulu mu mgodiwo inalipira mapaundi 5.8 miliyoni kwa anthu 273 amene anadandaula za nkhanza, ngakhale sinavomere mlandu. Kufupi ndi Palma kunabwera ntchito ya gasi ya madola 20 biliyoni, asodzi ndi alimi nkusamutsidwa, ntchito zabwino nkupita kwa obwera. Amwani a m'mphepete mwa nyanja, amene ambiri ndi Asilamu, akhala akudandaula kuyambira kale kuti mphamvu ndi chuma zili m'manja mwa Amakonde a kumtunda oyandikana ndi chipani cha Frelimo. Nkhondo itayamba, asilikali a boma anamanga anthu mwachisawawa ndi kutseka mizikiti, ndipo bungwe la Amnesty International mu 2021 linadzudzula mbali zonse, zigawenga, asilikali a boma ndi kampani ya asilikali aganyu ya ku South Africa, pa kupha anthu wamba. Dzina la Islamic State linayamba kumveka pa nkhondoyi mu 2019, moto utayaka kale zaka pafupifupi ziwiri.

Izi sizichotsera zigawengazo mlandu ngakhale pang'ono. Ndi iwo amene anapha anyamata 52 ku Xitaxi mu Epulo 2020, amene apolisi anati anakana kulowa gululo. Ndi iwo amene anadula anthu mitu m'midzi, nkuthawitsa anthu oposa 700,000 m'makomo mwawo. Madandaulo a malo ndi ntchito ali ponseponse m'chigawo chathu chino, koma si ponse pamene munthu amadula mnansi wake mutu nkumati watumikira Mulungu. Kuti afike pamenepo pamafunika wina womuphunzitsa kuti mnansiyo si munthunso.

Asilikali achilendo anabwera pambuyo, ndipo zimene zinatsatira sizigwirizana ndi mbali iliyonse ya mkangano uja. Aganyu a Wagner a ku Russia anafika mu 2019, analephera, nkubwerera. Palma itaukiridwa pa 24 Malichi 2021 ndipo ntchito ya gasi itaima, Rwanda inatumiza asilikali ndi apolisi pafupifupi 1,000 mu Julayi, ndipo mu Ogasiti analanda Mocímboa da Praia, imene inakhala m'manja mwa zigawenga chaka chathunthu. SADC nayo inatumiza gulu lake, Malawi ndi Zambia ali m'gulu la mayiko opereka anthu, mpaka linachoka mu Julayi 2024. Anthu ambiri anabwerera kwawo, misika inatsegulidwanso. Pano mlendo wamfuti anapulumutsa miyoyo, ndipo zimenezo ziyenera kunenedwa. Koma walira mvula walira matope. Zigawengazo zinamwazikana m'timagulu, zinaonekera ku Mecula m'chigawo cha Niassa kumapeto kwa 2021, kenaka ku Nampula mu 2022, ndipo nkhondoyo sinathe. Ku Sahel nako, dera la kumwera kwa chipululu cha Sahara, Afalansa anakhala zaka pafupifupi khumi osathetsa vutolo, koma atachoka ku Mali mu 2022 kuphana sikunachepe, kunakula.

Ndikaika zonsezi pamodzi, ine ndimaona kuti zinthu ziwirizi zimayankha mafunso osiyana. Ukafuna kudziwa chifukwa chake bomba linaphulika ku Kampala osati ku Lusaka, ku Madrid mu 2004 osati mu 1999, ndiponso chifukwa chake kagulu ka anthu makumi angapo kanasanduka gulu la zikwi, yang'ana kumene kwapita asilikali ndi zimene achita atafika. Ukafuna kudziwa chifukwa chake wophedwayo ndi Myazidi, mwana wasukulu kapena shehe wa m'mudzi, ndiponso chifukwa chake gulu lina silingakhale pansi kukambirana, yang'ana chiphunzitso. Gulu la IRA, limene linkamenya nkhondo yochotsa ulamuliro wa Britain ku Northern Ireland, linkafuna chinthu chotheka kuchilemba pa pepala, ndipo pangano linasainidwa mu 1998. Amene akufuna kuti dziko lonse ligwade sungamupatse theka. Koma ndikakakamizidwa kusankha chimene boma lingachigwire ndi manja ake mawa m'mawa, ndisankha khalidwe la munthu wonyamula mfuti m'dzina la boma, kaya ndi wa kwathu kaya ndi mlendo, chifukwa alaliki a chidani alipo ambiri amene amalalikira mipando yopanda anthu mpaka tsiku limene msilikali wawabweretsera omvera.

Niassa ija imagundana ndi Mangochi ndi Machinga, ndipo mabanja a Chiyao ali mbali zonse za malire. Chimene ndimaopa kwambiri nkhani za Cabo Delgado zikamveka kuno ndi diso lokayikira limene ena amayamba kuponyera aliyense wovala mkanjo ndi kofiya pa rodibuloko. Ku Mandera, kumpoto kwa Kenya, al-Shabaab inaimitsa basi mu Disembala 2015 nkulamula kuti Asilamu apatukane ndi Akhristu. Asilamu a m'basimo anakana, amayi ena anapatsa anzawo Achikhristu mipango yofunda kumutu, ndipo mphunzitsi wina Msilamu amene anawomberedwa tsiku limenelo anamwalira ndi mabala ake patapita mwezi umodzi.